ZA PUROSESA YOTSIKA MTENGO

Kwathu kuno ku Mtengowanthenga, ndi m'midzi yonse ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, munthu sagula ng'ombe asanaiyang'ane m'kamwa, ndipo mai sagula mtsuko asanaugogode ndi cala kuti amve ngati uli ndi mng'alu. Nzeru imeneyi tinailandira kwa makolo athu, palibe anaitenga kusukulu. Koma masiku ano kwafika malonda ena amene sagogodeka ndi cala. Ndipo pa malonda amenewa tiona akuru anzeru, odziwa kuyesa ng'ombe ndi kusankha fodya, alikukhala cete, nasiya mlandu wonse m'manja mwa anyamata. Cimodzi ca zinthu zotere ndico cimene tifuna kukamba nanu mwezi uno, abale athu owerenga, ndipo dzina lace ndi purosesa.

Kapena wina adzati, Nanga zimenezi zitikhudza bwanji ife a kumudzi? Zitikhudza ndithu. Makompyuta alipo tsopano m'masukulu ena, m'zipatala, m'maofesi a mipingo, ndi m'timasitolo ta ku Lumbadzi ndi ku Mponela kumene anthu alembetsa makalata ao ndi kusindikizitsa mapepala. Ndalama zogulira makina amenewa sizigwa ndi mvula. Zicokera ku fodya wogulitsidwa ku Kanengo, ku soya ndi mtedza, ndi ku mbale ya zopereka imene iyenda pakati pathu tsiku la Mulungu. Mai wamasiye amene aponyamo kangacepe kace ali nao mau pa mlandu uwu, ngakhale sanagwirepo kompyuta ndi dzanja lace.

Purosesa ndi kanthu kakang'ono kophwatalala, ka ngondya zinai, kosaposa bokosi la macesi, kamene kakhala m'kati mwa kompyuta ya pa tebulo, pansi pa fani yoziziritsa. Ndiko kamene kawerengera zonse zimene kompyuta icita. Cifukwa cace ena akacha ubongo wa kompyuta. M'kati mwace muli tizitseko tating'onoting'ono totsegula ndi kutseka njira ya magetsi. Pamene kampani ya Intel ya ku America inaturutsa purosesa yace yoyamba, ya dzina lakuti 4004, m'caka ca 1971, munali tizitseko 2,300. M'zimene zipangidwa lero muli mabiliyoni. Makampani awiri ndiwo apanga pafupifupi mapurosesa onse a makompyuta a pa tebulo amene tiwaona kuno, ndiwo Intel ndi AMD. Ndipo popeza caka ndi caka aturutsa zatsopano, zakale zitsika mtengo, monga nsomba zofika m'mawa zitsitsa mtengo wa nsomba zogona.

Tsono apa ndipo pali msampha woyamba, ndiwo wa dzina. Ambiri a ife tinamva kuti pali i3, i5 ndi i7, ndipo tinaganiza kuti popeza 7 aposa 3, i7 iri yonse iposa i3 iri yonse. Ogulitsa ena adziwa kuti tiganiza motero, ndipo apfuula dzina lokhali, nabisa zotsatira zace. Koma maina amenewa ali ngati mfunda wa banja, umene auchula agogo ndi mdzukulu yemwe. Cofunika ndi nambala imene itsata pambuyo pace, pakuti ndiyo inena mbadwo. Pa i7-2600, nambala yoyambayo, 2, itiuza kuti ndi ya mbadwo waciwiri, wa caka ca 2011. Pa i5-8400, ndi mbadwo wa 8, wa 2017. Pa i3-12100, manambala awiri oyambawo anena mbadwo wa 12, ndipo inaturuka m'caka ca 2022. Taonani tsono, i3 iyi ya 2022 ithamanga kuposa i7 ija ya 2011, ndipo siiposa pang'ono ai. Nkhalamba ingakhale ya banja lacifumu, koma kumunda mnyamata wa banja wamba adzaisiya m'mbuyo. Munthu akangophunzira kuwerenga nambala iyi yokha, wapulumuka kale ku mabodza ambiri.

Mbadwo uli ndi mlandu wina waukuru. Kampani ya Microsoft, mwini wa Windows, inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa iwo amene analembetsa kuti awaonjezere kanthawi. Tanthauzo lace ndi lakuti mipata imene mbala za pa intaneti zipezamo siitsekedwanso monga kale. Ndipo Windows 11, imene inalowa m'malo mwace, siilandira mapurosesa a Intel a pansi pa mbadwo wa 8, kupatula owerengeka okha, kapena a AMD oyamba aja a Ryzen. Cifukwa ca ici maofesi ambiri a ku maiko a kutari acotsa makompyuta ao akale, osati cifukwa anafa, koma cifukwa lamulo la kwao lawakana. Ndipo ambiri a makompyuta otere atsata njira yomwe itsata kaunjika wa zobvala, nafika m'masitolo a m'mizinda ya kuno. Pamene muona mtengo wagwa modabwitsa, yambani mwafunsa ngati cifukwa cace si cimeneci.

Zimenezi tinaziona ndi maso pa bwalo la akuru a mpingo wathu. Tiri nayo kompyuta imodzi imene tinapatsidwa zaka zapitazo, yolemberapo kaundula wa akristu, mabuku a zopereka, ndi makalata a ubatizo ndi a ukwati. Inafika pocedwa kwambiri, kotero kuti mlembi ankaiyatsa, napita kukatunga madzi, nabwera isanadzuke. Mnyamata wina wa kwaya, wakhama ndi wokhulupirika, anadza ndi uthenga wakuti m'sitolo ina ku Lilongwe muli purosesa yatsopano, yosatsegula m'bokosi, i5-9400F, ndipo mtengo wace audula pafupifupi pakati. Anati, "Akuru anga, mwai wotere subwera kawiri, tikacedwa atitengera ena. Ndiponso iyi ndi ya mbadwo wa 9, ilandira Windows 11." Ndipo pa mau otsirizawa ananena zoona.

Mkuru wina wa ife, amene moyo wace wonse wayendetsa ngolo, ndipo sadziwa Cingerezi, anafunsa funso limodzi. Anati, "Mwana wanga, ng'ombe imene ulikuitamayo, kodi ilowa m'goli limene tiri nalo?" Mnyamatayo sanapse mtima, anapempha masiku awiri, natsegula kompyuta, nafufuza, nabwera ndi yankho loongoka. Purosesa imene iri m'kompyuta yathu ndi i5-4570, ya mbadwo wa 4, ya caka ca 2013. Purosesa iri yonse ikhala pa mpando wace, umene acha soketi, ndipo mpandowo uli pa bodi yaikuru imene ilumikiza ziwalo zonse. Mpando wa mbadwo wa 4 sulandira purosesa ya mbadwo wa 9. Cotero pafunika bodi yatsopano. Bodi yatsopanoyo siilandira RAM yathu yakale, ya mtundu wa DDR3, koma ifuna DDR4. Cotero pafunikanso RAM. Ndipo cilembo cija F cimene ciri kumapeto kwa dzina, cimene tonse sitinacisamale pomva, citanthauza kuti purosesayo siitha kuturutsa cithunzi pa sikirini mwa yokha. Ifuna ciwalo cina capadera ca zithunzi, cimene cigulidwa pacokha, ndipo sicichipa. Popanda ico, kompyuta iyaka, fani izungulira, koma sikirini ikhala yakuda bii. Pamene anaphatikiza zonse pa pepala, kanthu kaja ka theka la mtengo kanali kataitana abale ace atatu, ndipo onse pamodzi anaposa ndalama zimene zinali m'thumba la mpingo.

Tinene pano, ngakhale tipatuke pang'ono, kuti goli limeneli linyenga ndi anthu odziwa omwe. Mapurosesa a Intel a mbadwo wa 6 ndi 7, ndi a mbadwo wa 8 ndi 9, ali ndi mpando wa dzina limodzi, LGA1151, ndipo wina alowa bwino lomwe pa mpando wa mnzace. Koma ya mbadwo wa 8 ukaiika pa bodi ya mbadwo wa 6, siigwira nchito. Cotero mau akuti "yalowa" sakwanira. Funsani ngati yayaka.

Mnyamata yemweyo anatiuzanso cinthu cimene cinatithandiza koposa. Anati kucedwa kwa kompyuta yathu sikunacokere ku purosesa konse. Nchito yolemba maina ndi kuphatikiza zopereka ndi yopepuka, ndipo purosesa ya 2013 iisenza osatuluka thukuta. Cimene cinali kukoka miyendo ndi nkhokwe yosungiramo zolembedwa, hadi disiki yakale ija ya mbale yozungulira. Tinagula nkhokwe ya mtundu watsopano, imene acha SSD, yopanda kanthu kozungulira m'kati, ndi kuonjezera RAM kucokera pa 4 GB kufika pa 8. Tinapukuta pfumbi limene linatseka fani, ndi kupaka mafuta atsopano oziziritsa pamsana pa purosesa. Ndalama zace zinacepa kuposa za purosesa yochipa ija payokha, ndipo tsopano mlembi alibenso mpata wokatunga madzi. Za Windows tinagwirizana kuti kompyuta ya kaundula isalumikizidwe ku intaneti, kufikira titasonkha zokwanira kugula ina yathunthu ya mbadwo woyenera.

Si kuti cinthu ciri conse cotsika mtengo ciri ndi nyerere m'kati monga nkhuyu ija ya m'mwambi. Ife sitigwirizana nao amene anena kuti cochipa conse ncoipa. Mau otere anena anthu a matumba olemera. Pali kuchipa koona. Kampani ya AMD inaturutsa mpando wochedwa AM4 m'caka ca 2016, ndipo inapitiriza kupanga mapurosesa okhala pa mpando womwewo zaka zambiri. Pamene inaturutsa mpando watsopano wa AM5 m'caka ca 2022, umene ufuna RAM ya DDR5 yokha, mapurosesa a mpando wakale uja anatsika mtengo, cinkana analibe cirema ciri conse. Munthu amene ali nayo kale bodi ya AM4, akapeza purosesa monga Ryzen 5 5600G, imene iri ndi mphamvu ya zithunzi m'kati mwace, angathe kukonzanso kompyuta yace ndi kanthu kamodzi kokha, malinga wodziwa ayambe waona ngati bodiyo ifuna kuikonzeratu kuti iilandire. Kwa iyeyo kutsika kwa mtengo ndi dalitso. Kwa mnansi wace wa bodi ya mtundu wina, purosesa yomweyo, pa mtengo womwewo, ndi mwala wopsinjira mapepala. Momwemonso makompyuta akale aja okanidwa ndi Windows 11 sanafe. Alipo mapulogalamu ena aulere oyendetsera kompyuta, monga Ubuntu, amene anayamba m'caka ca 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lace ndi mau omwe aja amene ife tinena kuti umunthu. Sukulu imene ifuna kuti ana aphunzire kulemba ndi kuwerengera pa kompyuta ingapindule nao makina otere zaka zingapo, ikawagula podziwa cimene ali, ndi pa mtengo wa cimene ali.

Koma kulinso kuchipa kobisa nthenda, ndipo sikuli kwa zakale zokha. M'caka ca 2024 kunamveka madandaulo m'maiko ambiri kuti mapurosesa ena amphamvu a Intel, a mbadwo wa 13 ndi 14, alikuzimitsa makompyuta mwadzidzidzi. Mwezi wa Julayi caka comweco kampaniyo inabvomera kuti mapurosesawo anali kudzipempha magetsi opitirira muyeso, nadziononga pang'onopang'ono. Inaturutsa mankhwala oletsa bvutolo, ndipo inaonjezera zaka ziwiri pa pangano lace lakubweza zoonongeka. Koma mankhwalawo ateteza yokhayo imene isanapweteke. Imene inapweteka kale siicira. Tsono lingalirani, purosesa yotere ikacotsedwa m'kompyuta ya munthu wina kutsidya kwa nyanja, niyenda m'manja atatu kapena anai kufikira ifika kuno, ndani adzakuuzani mbiri yace? Pamaso iwala ngati yatsopano. Ndipo pangano lija lakubweza, ngakhale liri lolembedwa bwino, munthu wa ku Mtengowanthenga adzalitsata ndi njira yanji, wopanda lisiti la sitolo yoyamba?

Inu alimi a fodya mudziwa cifukwa cace ogula ku Kanengo atsegula belo ndi kusolola masamba a pakati: pakuti alipo ena amene aika fodya wabwino pamwamba, nabisa zinyalala m'kati. Purosesa nayonso iri ndi cibvundikiro ca citsulo, ndipo dzina lace lilembedwa pa cibvundikiro pomwepo. Acinyengo adziwa kufufuta dzina ndi kulembapo lina lapamwamba. Ife sitingathe kutsegula belo limeneli, koma kompyuta ingathe kutitsegulira; pakuti purosesa ikaikidwa pa bodi ndi kuyatsidwa, inena yokha dzina lace lenileni pa sikirini, ndipo pamenepo siinama. Cifukwa cace tinena kuti musapereke ndalama pa purosesa imene simunaione irikugwira nchito. Wogulitsa aiike pa bodi pamaso panu. Dzina looneka pa sikirini lifanane ndi la pa citsulo. Aipatse nchito yolemetsa kwa ora lathunthu, ndipo muone ngati siizima kapena kutentha mopitirira. Ngati ndi ya AMD ya mpando wa AM4, itembenuzeni muyang'ane timiyendo tace ta kunsi, tosaposa singano, ngati palibe kopindika kapena kothyoka. Wogulitsa woona sakana zimenezi. Amene ati, "Ndiri pacangu, ena alikudikira," msiyeni agulitse kwa enawo.

Za mtengo wakale umene aulemba pa pepala ndi kuudula ndi mzere, tingonena mwacidule. Nambala imeneyo ailemba mwini malonda, ndipo palibe mboni. Tiyese kuti walemba K300,000, naidula, nalemba pansi pace K180,000. Mtima ufulumira kunena kuti tapindula K120,000. Koma m'thumba simunalowe kanthu, mwaturuka K180,000. Ndiponso pakati pathu mitengo ya dzana siithandiza kuyesera ya lero, popeza kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mwezi wa Meyi 2022, ndi 44 pa 100 mwezi wa Novembala 2023, ndipo zinthu izi zonse zigulidwa kunja ndi madola. Muyeso woona ndi kufunsa m'masitolo atatu tsiku lomwelo, ndi kufunsanso mtengo wa kompyuta yathunthu yogwirapo kale nchito ya mbadwo wa 8 kapena wopambana. Kawirikawiri mudzapeza kuti yathunthuyo ichipa kuposa kusonkhanitsa ziwalo cimodzicimodzi.

Pali mtengo winanso umene sulembedwa pa pepala, ndiwo wa cakudya ca cinthuco. Mapurosesa ambiri a m'maofesi adya magetsi a mawati 65. A cilembo T kumapeto, amene akhala m'timakompyuta tating'ono, adya 35. Koma akuruakuru a cilembo K, amene anyamata awakhumbira cifukwa ca masewero, ena a iwo apitirira mawati 200 akalemedwa nchito. Kwa iwo a magetsi osazima, kusiyana uku ndi kwa ndalama zokha. Kwa ife nkwina. Tikumbukira mdima umene unatsata namondwe Ana mwezi wa Januwale 2022, pamene madzi anaononga malo opangira magetsi a ku Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kufikira caka cotsatira. Ndipo midzi yathu yambiri, yotalikira mseu waukuru wa ku Kasungu, iribe nthambo za magetsi konse. Idalira sola ndi batire. Purosesa yosusuka imaliza batire dzuwa lisanapendeke, ndipo kutentha kwace kufuna fani yaikuru imene ikoka pfumbi lonse la mwezi wa Okutobala. Ng'ombe yochipa imene idya msipu wa ng'ombe zitatu, ndi kukoka ngolo yomweyo ya matumba asanu, eni khola adziwa cocita nayo. Ndipo ngati patsala kandalama, ife tikadakonda kuti kapite ku kabokosi koteteza kompyuta ku mphenzi ndi ku magetsi obwera mwamphamvu atazima, pakuti nyengo ya dzinja m'mapiri muno yapha makina ambiri kuposa ukalamba.

Kwa inu akuru anzathu amene musunga thumba la mpingo kapena la sukulu, pempho lathu ndi ili: musacite manyazi kufunsa. Simudziwa maina a Cingerezi, koma mudziwa kufunsa ngati cinthu cigwirizana ndi zimene tiri nazo, ngati cifuna zina zoonjezera, ngati nchito yathu icifuna, ndi kumene tidzapita cikafa. Mnyamata amene adziwadi adzayankha m'cinenero cathu, ndi pepala la mitengo yonse m'dzanja. Amene ayankha ndi mau acilendo okhaokha, kapena iye mwini sanamvetse. Ndipo inu anyamata, musayese mafunso a akuru ngati kukukayikirani. Ndalama za anthu ambiri ziyenera maso ambiri, ndipo tsiku limene cinthu cidzafa, mudzakondwa kuti simunasankhe nokha.

Pokagula, apite awiri, wodziwa makina ndi wosunga cuma. Atenge kompyuta yeniyeniyo, kapena alembe pa pepala dzina la bodi ndi la purosesa imene irimo. Lisiti likhale ndi dzina lonse la purosesa, ndi manambala ace ndi cilembo cace cotsiriza, ndi tsiku, ndi masiku amene wogulitsa alola kubweza. Mau a pakamwa akuti "mukabwere nayo" asalandiridwe. Ndipo powerengera mtengo, aikepo ndalama za minibasi ya anthu awiri kupita ku Lilongwe ndi kubwera, kawiri. Pakuti ulendo wokabweza cinthu nao ulipidwa ndi thumba lomwelo.